Funsani Mmisiri: Makina otsukira galimoto akakana kulira

Mwezi uno makalata abwera ngati munapangana. Ambiri akudandaula chinthu chimodzi: makina otsukira galimoto, aja a kainjini ka petulo kolumikizidwa ku pampu, akukana kulira. Sindikudabwa. Yendani msewu wochokera pa Zóbuè kudzera ku Moatize mpaka kukafika ku Matundo, muona kuti paliponse pamene pali mthunzi wa mtengo ndi mgolo wa madzi, mnyamata watsegulapo lavajemu yake, malo otsukirapo galimoto. Kuno ku Ulongwe nakonso malole a mbatatesi ndi njinga zamoto sizisowa matope. Makina achuluka, amisiri ake sanachuluke.

Ine ndakalambira pa tiinjini timeneti, kuyambira pa mapampu a m'madimba ndi majenereta. Kainjini kake n'kamodzimodzi: Honda GX160, GX200, kapena tija ta ku China tolembedwa 168F, totengera Honda yemweyo. Pa ofisina panga ena amati vela, ena pulagi. Ena gazolina, ena petulo, malinga ndi mbali ya malire a Mozambique ndi Malawi kumene munthu anakulira. Ndisakaniza momwemo, musandiimbe mlandu.

Chingwe chikulimba gwa

*Amalume, ndine mnyamata wa ku Moatize. Makina anga ndi a mphamvu ya mahatchi 6.5, ndinagula chaka chatha ndi ndalama za maganyu. M'mawa amalira ndikangokoka kamodzi. Koma ndikazimitsa kuti ndisunthe galimoto ya kasitomala, pobwerera chingwe chimalimba ngati ndachimanga ku mtengo. Dzana chinandibweza, phewa likuwawabe mpaka lero. Mnzanga akuti pisitoni yagwira, ndikagule ina. Ndigule?*

Mphwanga, ndalamayo ibwezere m'thumba. Pisitoni yogwira silira m'mawa n'kudzakana masana. Ikagwira yagwira basi. Chikukukaniza si injini, ndi madzi.

Makina awa ndi banja la awiri, injini ndi pampu, omangidwa pa shafiti imodzi. Ukakoka chingwe sukuzunguza injini yokha, pampu nayo ukuyizunguza. Tsono ukazimitsa osafinya mfuti yopopera madzi ija, madzi amatsala m'paipi ali opanikizika ndi mphamvu yomwe ija amang'ambira matope kunsi kwa lole. Madzi sali ngati mpweya, safinyika, ndipo alibe kothawira. Iwe ndi dzanja lako limodzi ukufuna kukankhana ndi mphamvu ya 150 kapena 200 bar yolembedwa pa pampupo? Phewa lichita bwanji kusawawa? M'mawa umaliza mosavuta chifukwa usiku wonse mphamvu ija imakhala itatha yokha pang'onopang'ono.

Mankhwala ake ndi aulere. Tsegula madzi, loza mfuti pansi kutali ndi mapazi ako ndi a anzako, ufinye mpaka madzi atuluke phwii, asiye kulavula mpweya, ayambe kungoyenderera. Koka uli chifinyire. Manja akaperewera, mnzako akugwirire mfutiyo ndi manja awiri, pakuti injini ikalira mfuti imakankha. Kakokedwe nakonso kali ndi mwambo wake: koka pang'onopang'ono mpaka umve pamene chikuyamba kulimba, pamenepo mpamene uchikoke kamodzi mwamphamvu, ndipo pobwerera uchiperekeze, osachitaya kuti chikadzimenye chokha.

Ukafinya mfuti koma chingwe n'kukhalabe gwa, tenga sipanala ya vela. Swichi pa OFF, gazolina utseke, chotsa vela, phimba bowo ndi kansanza, koka mofatsa. Kansanzako kakanyowa ndi oyilo, ndiye kuti pamwamba pa pisitoni panadzaza. Izi ndimaziona sabata ndi sabata kwa anyamata onyamula makina pa njinga yamoto atawagoneka chammbali: oyilo amayenderera n'kulowa mu silinda ndi mu sefa ya mpweya. Koka kangapo vela ili kunja kuti alavulidwe, pukuta vela, bwezera. Ifuka utsi kwa mphindi zingapo, kenako isiya. Koma kansanza kakanyowa ndi gazolina, tsegula pothirira oyilo ununkhize. Oyilo akamanunkha gazolina, wapyapyala, ndipo wachuluka kuposa mmene unathirira, kasingano ka mu kabuleta sikakutseka ndipo gazolina akutsikira m'mimba mwa injini. Mkhuthule oyiloyo, usalize naye. N'chifukwa chake kampopi ka gazolina timakatseka nthawi iliyonse makina akamayenda ulendo, ngakhale wopita kuseri kwa msika.

Chingwe chikafewa vela ili kunja, n'kulimbanso ukayibwezera, vuto lili ku mavalavu. Tiinjini iti tili ndi kachitsulo m'kati kamene kamatukula valavu pang'ono pa nthawi yokoka, kuti dzanja lisalimbane ndi mphamvu yonse ya pisitoni. Mpata wa mavalavu ukakula, kachitsuloko sikafikira, ndiye chingwe chimalimba n'kumabweza. Pa GX200 mpatawo ndi 0.15 mm ku valavu yolowetsa ndi 0.20 mm ku yotulutsa utsi, poyeza injini itazizira. Pa mitundu ina ona m'kabuku kake, manambala amasiyana. Kwa mmisiri amene ali ndi timasamba tachitsulo toyezera mpata, imeneyi si ntchito ya tsiku lonse. Akapeza mavalavu ali bwino koma chikubwezabe, aone kakiyi ka fulayiwilo, gudumu lolemera limene chingwe chimazunguza: kakameteka, moto umabwera nthawi isanakwane.

Chikalimba ngakhale vela ili kunja, masula mabawuti ogwira pampu, uyichotse, ukokenso. Injini ikazungulira mofewa, wodwala ndi pampu. Ikakana ili yokha, pamenepo mnzako uja wanena zoona. Koma pa zimene walembazi, ndikubetcha kapu ya tiyi kuti ungofinya mfuti, nkhani yatha.

Anakhala miyezi itatu, tsopano zii

*Bambo mmisiri, ndine mayi wa ku Chingodzi, mu mzinda wa Tete. Makina ndi anga, otsuka ndi ana awiri a mlongo wanga. Ndinapita kumudzi ku Macanga kukadwazika mayi anga, ndinakhalako miyezi itatu, makina ndinawatsekera m'nyumba. Ndabwerako, akukaniratu. Anyamata akoka mpaka matuza, koma zii. Wina wanditchulira mtengo wa kabuleta yatsopano, wina akuti ndi koyilo. Ine za injini sindizidziwa. Ndiwauze chiyani?*

Mayi, choyamba ndikhulupirira kuti odwala aja apezako bwino. Mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Musagule kanthu kaye. Tengani mpando mukhale pambali pa anyamatawo, muziwauza chochita chimodzichimodzi, ndipo asadumphe.

Ayambe ndi zooneka ngati zachibwana. Swichi ili pa ON? Kampopi ka gazolina n'kotsegula? Choki yatsekedwa, poti injini ndi yozizira? Kachitsulo kowonjezera moto akakankha pang'ono? Madzi atsegula, mfuti afinya? Musaseke. Anthu amabwera ndi makina pa ngolo kuchokera kutali, ine n'kungotembenuza swichi.

Kenako oyilo. Apa ndikuuzeni manyazi anga. Chaka china ndikugwira ntchito ku Tete konko, bambo wina anandiitanira m'mphepete mwa Zambezi, kumunsi kwa mlatho wa Samora Machel, kumene ankatsukira. Ndinamasula kabuleta kawiri, ndinasintha vela, ndinatuluka thukuta tsiku lonse pa dzuwa la Okutobala lija loti ngakhale mbuzi zimabisala. Madzulo tinagonja, tinanyamula makina kuti tipite nawo ku ofisina. Titawatula pa simenti podikira galimoto, kamnyamata kena kanangokoka chingwe mwamasewera. Analira! Kumtsinje kuja makina anali potsetsereka, oyilo anali atachepa pang'ono n'kuthawira mbali imodzi, ndipo kachipangizo koteteza injini kanadula moto. A Honda amakatcha Oil Alert, ndipo ambiri a makina a ku China nawo ali nako. Oyilo akachepa, vela sipereka moto ngakhale mutakoka mpaka mawa. Choncho ikani makina pamalo osalala, tsegulani pothirira, oyilo afike pa mlomo penipeni pa bowolo. Injini zimenezi zimalowa pafupifupi 0.6 ya lita, sizifuna zambiri. Tsiku limenelo sindinalipiritse, ndinangopukuta manja n'kuchoka.

Oyilo akakhala bwino, pali kachiyeso kamene kamagawa mlandu pakati. Koma dziwani kuti anyamata anu, pokoka mpaka matuza choki ili yotseka, mwina ayimwetsa kale gazolina wambiri. Achotse vela. Ikakhala yonyowa, atseke gazolina, atsegule choki, swichi pa OFF, akoke kasanu kapena kakhumi vela ili kunja kuti m'kati muume, velayo ayiumitse ndi nsanza ndi dzuwa, osati pa mbaula. Ikakhala youma gwa pambuyo pa kukoka konseko, ndiye kuti gazolina sakufika n'komwe. Tsono athire gazolina watsopano wosakwana kasupuni ka tiyi pa bowo la vela, abwezere vela, swichi pa ON, akoke. Ikalira kwa kamphindi n'kuzima, moto ulipo, koyilo, imene imapanga motowo, ilibe mlandu, uja wa koyilo mumuthokoze apite. Vuto lili m'njira ya gazolina. Ndipo kwa makina okhala miyezi itatu m'nyumba ya malata ku Tete, kumeneko n'kumene ine ndingayambire.

Gazolina sakhalitsa, amaola ngati ndiwo, kungoti mochedwerako. Mwezi umodzi ukadutsa wayamba kale kufooka, ndipo kwanuko kumene kutentha kumapyola madigiri 40 amafulumira. Mbali yake yopepuka, imene imayaka msanga, imauluka; chotsala chimada ngati tiyi, chimanunkha ngati vanishi, n'kusiya utomoni m'timabowo ta kabuleta. Khuthulani yense wa mu thanki m'botolo lagalasi, muliimike kwa mphindi zingapo. Mukaona mzere pansi pake, ngati mafuta ophikira akayandama pa madzi, apansiwo ndi madzi. Sindinyoza ogulitsa wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ambirife amatithandiza usiku ndi kumidzi, koma botolo lokhala padzuwa tsiku lonse ndi chigubu chotungira china chilichonse zimabweretsa madzi ndi zinyalala. Posefa gwiritsani nsalu yoyera yosathothoka.

Pansi pa kampopi ka gazolina pali kakapu kakang'ono kosonkhanitsa litsiro. Atseke kampopi, amasule ndi sipanala 10, atsuke, asataye kalabala kake. Pansi pa kabuleta pali kambale, ndipo pa kambalepo pali mabawuti awiri: lopendekera ndi lokhuthulira, lapakati ndi logwira kambaleko. Amasule lopendekeralo, atsegule kampopi, gazolina watsopano atsike mpaka atuluke woyera. Nthawi zina zimathera pomwepa. Zikakanika, amasule lapakati, achotse kambale. M'kati mwa kachubu kotsika pakatipo muli jeti, kabawuti kamkuwa kokhala ndi bowo laling'ono ngati la singano. Sikuludiraiva ikhale yokwana bwino, pakuti mkuwa ndi wofewa, ukatafunika zavuta. Ayiloze ku dzuwa: kuwala kukapanda kudutsa, mwampeza mfiti wanu. Pamwamba pa jeti pamatsika kachubu kena kamkuwa ka timabowo tambiri m'mbali, nako akatsuke. Palinso kajeti kena kakang'ono pamwamba pa kabuleta, kaja kamutu wakuda wapulasitiki, kobisala kunsi kwa sikuluwu yochunira kalilidwe kapansipansi. Ambiri amakaiwala, n'kumadabwa kuti injini ikulira mokweza ndi kutsitsa ngati munthu wa befu.

Potokosa timabowoti ndimagwiritsa ntchito kaulusi kamodzi kamkuwa kosolola mu waya wa magetsi. Singano, phini kapena msomali ayi. Bowo mukalikuza silibwereranso, injini izidzamwa gazolina ngati chidakwa n'kumafuka utsi wakuda. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ntchito imeneyi ichitikire pa nsalu yoyala pansi, pabwalo, kutali ndi moto, ndipo wosuta fodya akasutire kwina.

Nanga kachiyeso ka kasupuni kakapanda kuliza? Pamenepo tiyang'ane moto. Vela ivekedwe chipewa chake, thupi lake likhudze chitsulo cha injini kutali ndi bowo lija, wogwira agwire pa labala, wina akoke. Pazioneka kamoto kobiriwira kolira kuti tswa, tswa. Pamthunzi mpamene kamaoneka bwino. Mpata wa kukamwa kwa vela ndi 0.7 mpaka 0.8 mm. Ya injini zimenezi nambala yake ndi BPR6ES ya NGK, kapena yofanana nayo. Samalani pogula, pakuti zachinyengo zadzaza m'misika ndipo mabokosi ake amawala kuposa a zenizeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Vela yatsopano ikapanda moto, mmisiri azule kawaya kochokera ku swichi ndi ku kachipangizo ka oyilo kaja, ayesenso. Moto ukabwera, vuto ndi swichi kapena kachipangizoko. Kuzula kumeneku n'kwa kuyesa kokha. Ndaona ambiri akusiya waya uja ali lende, ati makina amavuta. Pakutha pa miyezi ingapo amabwera ndi injini yopsa. Moto ukapanda kubwerabe, aone mpata wa pakati pa koyilo ndi fulayiwilo, umene ndi pafupifupi 0.4 mm, ife timayezera ndi kakhadi kapepala lolimba. Zonsezi zikalephera, apo tsopano gulani koyilo.

Ulendo wina mukamapita ku Macanga, musanatseke chitseko tsekani kampopi ka gazolina injini ikulira, madzi ali otsegula ndi mfuti ili yofinya, mpaka izime yokha, kenako mukhuthule kambale kaja. Wa mu thanki mupatse wa njinga yamoto.

Ku Tete ankalira bwino, kuno akufuka

*Achimwene, ndine mlimi wa mbatatesi ku Tsangano. Makina ndinakagula ku Tete kwa munthu, anawaliza ndikuona, ankalira bwino kwambiri. Kuno akufuka utsi wakuda, vela ikuda bii masiku atatu aliwonse, ndipo m'mawa wa Juni kuti alire ndi nkhondo. Kodi anandipusitsa?*

Achimwene, musathamangire kukwiya. Mwina sanakupusitseni, makinawo angosamuka dziko. Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, pomwe Ulongwe, Dómuè ndi kwanu ku Tsangano tili pamwamba pa mapiri, kusiyana kwake kupitirira mamita 1,000. Kumwamba kuno mpweya ndi wopepuka. Kabuleta imathira gazolina mulingo womwe uja wa kuchigwa, koma mpweya wosakaniza nawo wachepa, ndiye gazolina sapsa yense. Wotsalayo ndi mwaye mukuuona pa vela. Mabuku a Honda amanena kuti injini imataya mphamvu pafupifupi 3.5 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Werengani nokha: pofika kwanuko yataya kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Imeneyo si matenda, ndi malo.

Komabe vela kuda masiku atatu okha kwanyanya, pali china chikuwonjezera. Ndikukayikira sefa ya mpweya. Tsegulani chivindikiro muone. Makina ochokera ku Tete ndi ku Moatize amabwera sefa itatsekeka ndi fumbi, kwinako losakanikirana ndi la malasha. Sefa yotsekeka ili ngati choki yotseka tsiku lonse. Yasiponji ichapeni ndi sopo, iume bwinobwino; yapepala igogodeni mofatsa, ikada kwambiri kapena ikanyowa oyilo gulani ina. Kabuku kamati maola 50 aliwonse, koma pa fumbi la chilimwe chathuchi ine ndimati Loweruka lililonse. Musalize popanda sefa ati kuti ipume bwino; fumbi limapala silinda ngati sandipepa. Onaninso ngati choki ikutseguka yonse injini ikatentha, ndiponso ngati mwini wakale sanakuze jeti ndi singano. Zonse zikakhala bwino, mmisiri akuikireni jeti yocheperako pang'ono. Koma mukadzabwerera nawo kuchigwa mudzabwezere yakale, kupanda apo injini idzatentha mopyola.

Za m'mawa wa Juni: onani oyilo amene munathira. Ku Tete anthu amakonda wokhuthala, 20W-50, chifukwa cha kutentha. Kwanuko kukazizira amakhala ngati uchi, chingwe chimalemera, injini sizungulira mwa liwiro loti moto ugwire. Thirani 10W-30, amene ndi amenenso opanga analemba. Choki mutseke yonse, ikalira muitsegule pang'onopang'ono, muipatse mphindi ziwiri kapena zitatu madzi akuyenda musanayambe ntchito yeniyeni.

Ndikasiya mfuti imazima

*Akulu, ndimatsuka malole pa Zóbuè. Injini imalira kamodzi n'kamodzi, ndikamatsuka zonse zili bwino. Koma ndikangosiya mfuti imabuula n'kuzima. Madzi ndimakoka mu mgolo.*

Apa injini ikungosenzetsedwa mlandu wa mnzake. Pa pampu pali valavu yokhala ndi sipulingi yaikulu, nthawi zambiri ya chipewa chakuda chopotokola, dzina lake unloader. Ntchito yake ndi iyi: mukasiya mfuti, iyo imatsegula njira ina kuti madzi azingozungulira m'kati mwa pampu mopanda kupanikizika. Ikagwira, madzi amasowa kolowera, pampu imaima, ndipo poti ili pa shafiti imodzi ndi injini, imayikoka nayo n'kuzimitsa. Chimayigwiritsa ndi mchenga, ndere, ndi chimiyala choyera chija chimatsalira mu ketulo. Zimitsani, tulutsani mphamvu yonse ndi mfuti, muike chizindikiro pamene chipewa chili kapena muwerenge kuti mwapotokola kangati, masulani, tsukani kapisitoni kake, sinthani timalabala ngati tatha, pakani girisi pang'ono, bwezerani pa chizindikiro pomwe paja.

Ndikudziwa chimene anyamata a pa malire mumachita: mumamanga chipewacho mpaka kumapeto kuti madzi aziluma kwambiri, dalaivala asangalale. Chimenecho ndicho chikupha mapampu. Kuluma kwa madzi kumachokera ku kamlomo ka mfuti, kaja ena amati biku. Kachikasu ndi ka madigiri 15, kobiriwira 25, koyera 40, kakuda n'ka sopo. Kofiira, ka 0, kamaboola utoto, matayala ndi khungu la munthu lomwe. Bala la madzi amenewa limaoneka laling'ono kunja koma m'kati lapita patali, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. Kamlomo kakatsekeka ndi mchenga, injini nayo imalemedwa. Kachotseni mukatokose ndi kawaya kochokera kutsogolo kubwerera m'mbuyo.

Popeza mumakoka mu mgolo, mgolowo ukhale pamwamba kuposa pampu, paipi ikhale yaifupi, yaikulu, yosapindika, ndipo kasefa ka polowera madzi kasasowe. Pampu ikayamwa mpweya imagogoda ngati muli miyala, ikayenda youma timalabala timapsa m'kanthawi kochepa. Ndipo unloader ikachira, musazolowere kusiya injini ikulira mfuti ili pansi inu mukukambirana mtengo. Madzi ozungulira m'katimo amatentha msanga. Zikapitirira mphindi ziwiri, zimitsani.

Ena amandilembera zotembenuza: imalira bwino, koma akafinya mfuti imazima, kapena imangolira choki ili yotseka theka. Imeneyo ndi njala ya gazolina. Werengani zimene ndawayankha mayi a ku Chingodzi za jeti.

Imalira mphindi khumi, n'kupuma

*Amalume, yanga imalira mphindi ngati khumi n'kuzima yokha. Ndikadikira pang'ono imaliranso. Ndili ku Furancungo.*

Ikangozima, tsegula chitsekerero cha thanki utchere khutu. Ukamva kuti fyuu, mpweya ukulowa, wapeza. Chitsekererocho chili ndi kabowo kopumira; kakatsekeka, gazolina satsika, monga mmene chigubu chimakanira kutsanula ukapanda kutsegula kumbuyo. Ndikufunse: sunaikepo jumbo pansi pa chitsekerero poletsa kudontha? Ambiri mumatero. Chotsa. Kukapanda kumveka fyuu, yesa moto wa vela nthawi yomweyo injini ikadali yotentha, usamale ndi chitsulo cha utsi. Koyilo yotopa imapereka moto ikazizira n'kuleka ikatentha. Oyilo umuonenso, pakuti akakhala pa malire kachipangizo kaja kamadula moto pakati pa ntchito.

Mvula ikamagwa

*Bambo, nyengo ya mvula makina amavuta kulira akanyowa. Ndikuganiza zomawalizira m'kanyumba kosungira katundu, paipi yokha n'kutulutsa pawindo. Ndine wa ku Calomue.*

Ayi, mwanangu, ayi ndithu. Utsi wa injini ya petulo uli ndi mpweya wakupha, wosaoneka komanso wosanunkha, womwe uja umagoneka anthu osadzukanso akalowetsa mbaula m'nyumba yotseka. Windo limodzi silikwanira. Dzika mitengo inayi, ikapo malata awiri pamwamba, mbali zonse zikhale zotsegula. Chimene chimanyowa n'kukaniza moto ndi chipewa cha vela ndi swichi: vula chipewacho, upukute m'kati ndi nsanza youma, ndipo ngati labala wake wang'ambika gula china. Uonenso chivindikiro cha sefa ya mpweya ngati sichikulowetsa madzi. Ndipo uwauze anyamata ako asiye kutsuka injini ndi mfuti yake yomwe pomaliza ntchito. Kansanza konyowa n'kokwanira, injini itazizira.